Phala la Keziah

Ntchito yanga inali yodyetsa makoswe. Sekani ngati mukufuna, koma ndinali ndi ovolosi yoyera ndi jombo ngati munthu aliyense wa pantchito. Inali labu ina ya ofufuza zakudya, uko kupitirira Chelstone, ndipo ndinalowako mu 1975. Ba Musonda, munthu wa mtundu wa Abemba amene ankagwira mipeni ndi mabotolo m'labumo, sanandipatse mpata ngakhale tsiku loyamba.

"Imwe ba Gilson," anatero, "nindani anaganiza zopasa munthu wa ku Katete makiyi ya makoswe? Tiziyawelenga m'mawa na m'mazulo, mwamvela?"

Ndinamuuza kuti ife timadya mbewa za kutchire, zaukhondo, osati anyani ngati kwawo. Tinagwirizana kuyambira pamenepo.

Makoswewo anali oyera, a maso ofiira, ndipo ankabwera ali ana, atangoleka kuyamwa. Mkulu wathu anali Mayi Chisenga, mayi wachitsikana amene anakaphunzira za zakudya kunja. Iwo ndiwo ankalemba zoti khola lililonse lizidya, ine n'kumasakaniza. Khola loyamba linkadya ufa wa chimanga wosakaniza ndi mkaka wa ufa. Lachiwiri ufa ndi nyemba. Lachitatu ufa ndi kapenta wosinja, tinsomba touma tija. Lachinayi ufa woyera ndi shuga, basi. M'mawa uliwonse ndinkaika khoswe aliyense pa sikelo, Ba Musonda n'kulemba, mpaka milungu inayi ithe.

Khola lachinayi ndi limene linandidwalitsa. Mbale yawo siinkauma, ndinkaonetsetsa ndekha. Koma pofika mlungu wachitatu makoswe a m'makola ena ankakhala akuthamangitsana, kukwera mawaya, kuluma chala changa, pamene a m'khola lachinayi ankangokhala pakona. Ubweya unkayoyoka. Ankasiya kudzinyambita. Ukatsegula chitseko sankathawa, ankangokuyang'ana ndi maso otsinzina theka, ngati akuti chita zimene wabwerera. Mayang'anidwe amenewo ndinali nditawaonapo kale, pa mwana wanga woyamba.

Dzina lake anali Keziah. Anabadwa mu 1966, tikukhala ku Kabwata wakale, m'tinyumba tozungulira taudzu tija anatisiyira atsamunda. Nthawi imeneyo ndinali khuki kwa mzungu wina ku Kabulonga. Ndinkagona komweko, kunyumba ndinkafika Loweruka masana n'kubwerera Lolemba m'mamawa. Mzunguyo anali ndi mwana wa masaya ngati mabanzi, ndipo mwanayo ankadya kasitadi tsiku ndi tsiku, wophika ine. Inde, ndinkaphika ndi mkaka. Inde, mwanayo ankadyanso dzira ndi nyama yogaya, zophika ine yemweyo. Koma maso anga opusawa anaona kasitadi yekha.

Ndiye mkazi wanga Eness atadwala bere, Keziah n'kuleka kuyamwa ali ndi chaka ndi miyezi iwiri, ndinafika ku Kabwata ndi chitini cha kasitadi ndi paketi ya shuga, ndikuyenda ngati nduna. Dziko linali litangomasuka kumene. Ndinati mwana wanga adye zimene akudya mwana wa mzungu, chasiyana n'chiyani tsopano? Za mkaka sindinaziganize. Ufa wa m'chitinimo unkasanduka wachikasu ukaphikidwa, ndiye ndinkati mazira alimo kale.

Eness ankaphika kasitadiyo ndi madzi. Akatha, ankaphika phala la ufa woyera, shuga wodzaza supuni ziwiri. Dzira lenileni sankampatsa, chifukwa kwathu mwana wamkazi akadya mazira amadzavutika pobereka. Nyemba ankati zimtupitsa m'mimba, kapenta amtsamwa. Ndiwo zinali za ife akuluakulu, mwana ankangonyambita msuzi. Ndipo Eness sanali mayi waulesi, asa! Ankadyetsa mwanayo kasanu pa tsiku, atamkhazika pamwendo, akumuimbira. Masaya atayamba kudzaza, amayi a pampopi ankamuyamikira kuti amadziwa kulera.

Kenako tsitsi linafiira n'kuyamba kuthothoka. Khungu la m'ntchafu linasupuka ngati wapsa ndi madzi otentha. Mapazi anatupa. Keziah anasiya kuseka, anasiyanso kulira kwenikweni, ankangobuula pang'onopang'ono atakhala pamene wamuika.

Anabwera a Winifred, azakhali ake a Eness, kuchokera ku Matero. Anadina phazi la mwanayo ndi chala, dzenje n'kutsala. Sanayang'anenso mwana, anayang'ana ine.

"Mwanayu wasemphedwa," anatero.

Kwa amene simudziwa tsempho, nkhani yake ndi iyi. Bambo akayenda ndi mkazi wina n'kubwera kudzanyamula mwana wamng'ono, akuti mwanayo amatupa. Mankhwala ake alipo, koma akuti sagwira bamboyo asanaulule. Akutinso mwana wa tsempho akabayidwa jakisoni amafera pomwepo, ndiye za chipatala panalibe wozitchula. Ine ndinkagona ku Kabulonga masiku asanu pa mlungu. Mlandu unali utagamulidwa ndisanatsegule pakamwa.

Ndinakana milungu iwiri. Ndinalumbira pa Baibulo, ndinakalipa, ndinaswa kapu. Kenako Keziah anasiya kumeza. Eness anagwada pansi n'kundigwira miyendo.

"Ululani, atate ake Keziah. Sindikusiyani, ndikulumbira. Ingoululani mwana akhale moyo."

Inu mukanatani? Ndinaulula. Ndinati mwina mankhwalawo angofuna mawuwo, sasamala ngati ali oona. Koma a Winifred anafuna dzina, ndiye ndinapeka munthu pomwepo. Ndinati ndi Barbara, wolera ana a azungu ku Woodlands, wamtali, wa mpata pakati pa mano akutsogolo. Sindidziwa mpatawo ndinautenga kuti. Anamumwetsa Keziah mankhwala, anamsambitsa ena, ndipo patapita masiku anayi anamwalira, Lachinayi m'mawa, anthu akupita kuntchito. A Winifred anati ndinachedwa kuulula.

Eness anasunga lumbiro lake, sanandisiye. Ankandiphikira, kundichapira, kundisitira. Ankandiitana "atate ake Keziah" monga mwa mwambo, koma ankalitchula bwinobwino dzinalo, osathamanga, kuti lilowe. Ku tchalitchi kwathu ku Reformed anandiimitsa Mgonero chaka chathunthu. Ine ndinkadziwa kuti Barbara kulibe, koma sindinkadziwa chinapha mwana wanga, ndiye masiku ena ndinkadzifunsa ngati kuyang'ana mkazi pamsewu sikukwanira kusempha mwana. Zithunzi za zakudya zomanga thupi ndinkaziona pa makoma a kiliniki, koma ndinkati ndi za anthu amene ana awo amagona ndi njala. Wathu sanagonepo ndi njala.

Tinakhala choncho zaka zisanu ndi zitatu, anthu awiri m'nyumba ya kanselo, kulankhulana za makala ndi sopo. Kenako Mulungu anatikumbukira, Helen anabadwa chaka chomwe ndinayamba ntchito ya makoswe.

Milungu inayi ikatha, makoswe ankaphedwa, Ba Musonda n'kuwang'amba. Tsiku lina ndinaima pambali pake ndikugwira mbale. Ziwindi za m'makola atatu zinali zofiira bwino. Za m'khola lachinayi zinali zotuwa, zachikasu, zonona ngati majarini. Mayi Chisenga anali pomwepo, ndiye ndinadzilimbitsa mtima.

"Mayi, pepani. Awawa amadya mpaka kukhuta, ndimawapatsa ndine. Chikuwapha n'chiyani?"

Anandiyang'ana, kenako anakoka mpando. Ankadziwa kuti ndinali khuki.

"A Gilson, muli ndi thumba lonse la fulawa koma dzira limodzi. Muphika makeke angati?"

"Imodzi, mayi. Dzira likatha, fulawa wotsalayo ndi wachabe."

"Thupi ndi chimodzimodzi. Chomangira thupi timachitcha puloteni, ndipo chimapangidwa ndi tizidutswa ta mitundumitundu, maamino asidi. Chimanga chili nato, koma mitundu iwiri ndi yoperewera kwambiri. Iwiriyo ikatha, kumanga kwaima, ngakhale mudye thumba lonse. Nyemba, kapenta, mkaka, dzira, zimabwera ndi zoperewerazo."

Ndinafunsa za shuga, kuti iye akulakwa chiyani.

"Apo ndi pamene tikufufuza," anatero. "Shuga akalowa m'magazi, thupi limatulutsa insulini. Insuliniyo imauza minofu kuti chakudya chabwera, landirani, sungani, musatulutse kanthu. Mwana wosowa chakudya chilichonse amaonda, chifukwa minofu imapereka tizidutswa take kuti chiwindi chigwire ntchito. Koma mwana wokhuta zotsekemera tsiku lonse, ambiri a ife tikuganiza kuti insulini imatseka nkhokwe ija. Chiwindi chimasowa chopangira zimene zimagwira madzi m'magazi, madzi n'kuthawira m'mapazi ndi m'masaya. Mwana amaoneka wonenepa, koma ndi madzi. Madokotala amati kwashioko."

"Tsitsi limafiira?"

"Limafiira. Khungu limasupukanso."

"Kwathu timati tsempho," ndinatero.

"Ndikudziwa. Kwathunso kuli dzina lake, ndipo nakonso amagwira bambo."

Ndinafunsanso chimodzi, ngati mu kasitadi wa m'chitini muli mazira. Anaseka pang'ono, osadziwa. Anati ndi ufa wa chimanga wosalala, wothira mtundu. Ndinaika mbale ija pansi, ndinatuluka kuseri kwa nyumba ya makoswe, ndinasanza.

Mwina mukuganiza kuti ndinathamangira kunyumba kukayeretsa dzina langa. Ndinafunadi, ndisaname. Zaka zonsezo ndikunyozedwa ngati galu pa mlandu wosachita, ndinafuna kukaima pakhomo n'kukuwa kuti Kabwata yense amve. Koma m'basi ndinayamba kuganiza. Ndikanena kuti Barbara kulibe, Eness adzafunsa chinapha mwana. Chitini ndinabwera nacho ndine, inde, koma supuni inali m'dzanja lake, kasanu pa tsiku, akuimba. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinasankha kukhalabe wachigololo, ndipo ndinakhala chete miyezi isanu.

Kenako Helen analeka kuyamwa. Eness ankagulitsa tomato pamsika wa Kabwata, mawere n'kuuma msanga. Masiku amenewo ufa woyera uja wa m'sitolo wotchedwa bulekifasiti unkavuta, munthu ankaima pamzere kuyambira m'mawa, khadi la chipani lili m'manja. Eness ankaima, Helen ali kumsana, chifukwa ankati mwana wake sangadye ufa wakuda ngati wa kumudzi. Ankabwera nawo, n'kuphika phala losalala, shuga supuni ziwiri. Masana tiyi ndi banzi. Ndinkakhala pampando ndikuonerera supuni ikupita ndi kubwera.

Ndinayesa njira zozembera. Ndinasinja kapenta ndekha kuntchito n'kubwera naye m'pepala.

"Muziikako pang'ono m'phala la mwana," ndinatero.

Eness ananunkhiza pepalalo n'kuliika pamwamba pa kabati.

"Mwayamba liti kudziwa za ana, atate ake Keziah?"

Ndinabwera ndi nsinjiro, ndinabwera ndi mazira atatu. Mazirawo anandiphikira ine. Anati mwamuna akayamba kubwera ndi timphatso osatumidwa, pali chimene wapalamula. Kuyambira pamenepo anasiya kundipatsa Helen kuti ndimunyamule ndikaweruka. Kuntchito ndinkatsegula khola lachinayi n'kungoima pamenepo ndikuyang'ana, mpaka Ba Musonda anasiya kundiseka n'kufunsa ngati ndayamba mowa.

Lachisanu lina ndinafika dzuwa lisanalowe. Helen anali atakhala pamphasa pakhomo, osasewera, tinsapato take tili pambali. Lamba wa nsapato anali atasiya mzere wakuya pa phazi. Ndinagwada, ndinadina ndi chala. Ndinachotsa chalacho, dzenje linatsala. Ndinadina phazi linalo, chimodzimodzi. Mwanayo sanalire, anangondiyang'ana maso otsinzina theka.

Nditatukula mutu, Eness anali pachitseko. Sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa.

"Ndi Barbara yemwe uja, kapena mwapeza wina?"

"Amake Keziah, mwanayu tipite naye kuchipatala tsopano lino."

"Kuti akamubaye afe? Mukufuna mumalize msanga umboni usaoneke?"

Anamtola Helen n'kumumangirira kumsana mfundo ziwiri. Anati watumiza kale mawu ku Matero, azakhali afika mawa masana. Mwamuna sungalande mwana kumsana kwa amake pakati pa Kabwata, anthu angakuphe usanafike pamsewu.

Loweruka tinkagwira ntchito mpaka masana. Ndinalowa mu ofesi ya Mayi Chisenga osagogoda n'kupempha makoswe awiri, mmodzi wa khola lachitatu, mmodzi wa lachinayi. Anati makoswe satuluka m'labu, lamulo ndi lamulo. Ndiye ndinawauza zonse, kuyambira chitini cha ku Kabulonga mpaka dzenje la pa phazi la Helen. Sindinauzepo munthu chiyambire. Ananyamuka n'kukandisankhira okha awiri obadwa kwa mayi mmodzi.

"Tengani. Koma mwanayo akagone kuchipatala lero, a Gilson. Osati Lolemba. Lero."

Ndinawaika m'katoni, ndinaboola timabowo, ndinakwera basi. Mayi wina amene ndinakhala naye mpando umodzi anamva kukanda n'kufunsa ngati ndi anapiye. Ndinati inde.

Ndinapeza a Winifred atafika kale. Anali atakalamba, msana utapindika, koma pakamwa panali pomwe paja. Anali atayala kansalu patebulo, mizu ili pamenepo, mizu yomwe ija ndi fungo lomwe lija. Eness anali pa mpando wa pakona, Helen ali pamiyendo.

"Khalani pansi, apongozi," anatero a Winifred. "Njira mukuidziwa, munadutsamo kale. Ulendo uno musatichedwetse. Uja munamutaya ndi milungu iwiri ya makani. Tchulani dzina, tiyambe ntchito."

Ndikuuzani zoona, dzina linali litafika kale pa lilime. Kupeka mkazi n'kosavuta, ndinali nditachitapo. Ndikanatchula, Eness akanapitiriza kudana nane monga anazolowera, ine n'kupitiriza kunyamula monga ndinazolowera. Koma Helen akanamwa mizu ija, ndipo ndinkadziwa kumene njira imeneyo imathera, chifukwa manda a Keziah ndinalambula ndekha.

Ndinakankhira mizuyo pambali, ndinaika katoni patebulo, ndinatsegula.

Khoswe wamkulu anatukula mutu, maso ofiira psuu, n'kugwira m'mphepete mwa katoni. A Winifred anadumpha ngati mtsikana.

"Yesu wanga! Ufiti! Eness, mwamuna wako walowa ufiti!"

"Khalani chete, azakhali!" ndinakuwa. Sindinawakuwirepo chikwatirire. "Mwalankhula zaka zisanu ndi zinayi. Lero ndilankhule ine."

Anakaima pakhomo, chitenje chili pakamwa. Ine ndinalankhula ndi Eness yekha.

"Awa ndi a kuntchito kwanga. Anabadwa tsiku limodzi, mayi mmodzi, bere limodzi. Ndawalera ndekha milungu itatu. Bwerani muwaone."

Sanafune, koma anaimirira. Wamkuluyo anali akuzungulira katoni, ubweya ukuwala. Wamng'onoyo anali theka la mnzake. Anali atadzipinda pakona, ubweya wapatalipatali, khungu likuonekera, osasamala za kuwala kapena phokoso. Eness anamuyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona dzanja lake likupita pamutu pa Helen, pamene tsitsi linali litayamba kufewa.

"Uyu akudwala," anatero.

"Sakudwala matenda ogwira. Ndipo atate wake sanapite ku Woodlands."

"Mumamumana chakudya."

"Mbale yake siuma. Amadya nthawi iliyonse imene wafuna."

"Amadya chiyani?"

Ndinayang'ana pansi, ndinayang'ana padenga. Eness anabwereza funso lake, mofatsa.

"Wamkuluyu amadya ufa ndi kapenta wosinja," ndinatero. "Wamng'onoyu amadya ufa woyera ndi shuga."

Kunja ana a eni ake ankasewera mpira, wailesi ya oyandikana nafe ikuimba. Sufuliya ya phala la Helen inali pambaula pafupi ndi chitseko, supuni ili momwemo, ndipo Eness anaitembenukira.

"Munthu si khoswe!" anatero a Winifred ali pakhomo. "Iwe Eness, usapusitsidwe. Anavomera yekha, ndi pakamwa pake, ine ndilipo. Anatchula ndi dzina lomwe."

Eness anandiyang'ana ine.

"Kasitadi uja," anatero kwa ine. "Munkati muli mazira."

"Mulibe. Ndi ufa wa chimanga wothira mtundu. Sindinkadziwa. Ndinabwera naye ndine, amake Keziah, mlandu ndi wanga."

"Barbara?"

"Kulibe Barbara. Sanakhaleko. Munagwada, mwana akufa, ndiye ndinapeka."

Ndinkayembekeza kuti andimenya, kapena agwa pansi. Sanachite chilichonse cha izo. Anamkweza Helen kumsana, anamanga chitenje, anatenga khadi la sikelo la mwana m'kabati. Podutsa pakhomo anauza azakhali ake kuti akatuluka akoke chitseko. A Winifred anayamba za jakisoni, kuti tikukapha mwana, koma Eness anali atafika kale pamsewu.

Tinayenda pansi kupita ku chipatala chachikulu, iye patsogolo, ine pambuyo ngati mlendo. Dzuwa linali likuswa mtengo. Tinadutsa msika, amayi anzake akumuitana, iye osatembenuka. Titapitirira nyumba zomaliza za Kabwata anayamba kulankhula, osandiyang'ana.

"Ndinapitako ku Woodlands. Mukapita ku Kabulonga, ine ndinkanyamuka wapansi. Chaka chonse chija mwana atangofa. Ndinkaima pa sitolo ndikuyang'ana m'kamwa mwa akazi olera ana."

Anapitiriza, akuyendabe.

"Ndinampeza. Wamtali, mpata m'mano, akukankha mwana wa mzungu m'kangolo. Ndinamulavulira kumaso, anthu akuona. Anangodzipukuta ndi epuloni n'kunena kuti, 'Nalakwa chani, amai?' Ndinkati akunamizira. Zaka zonsezi ndikakumbukira nkhope yake ndinkamva bwino mumtima."

Ndinaima pamsewu. Mkazi amene ndinampeka pa mphasa ya ku Kabwata anakapeza nkhope ya munthu weniweni, ndipo munthuyo anapita kwawo tsiku limenelo ndi malovu osadziwa chifukwa chake. Mpaka lero ndikaona mayi wa mpata m'mano ndimayang'ana kumbali. Eness sanandidikire, ndinachita kuthamanga kuti ndimpeze.

Helen anagonekedwa tsiku lomwelo. Anakhala m'chipatala milungu itatu, akumwa mkaka pang'onopang'ono, poyamba ndi kapaipi ka m'mphuno. Madzi ataphwa anatsala kamwana ka mafupa okhaokha, ndipo ndinaopa kuposa kale, koma tsiku lina anakankha dzanja la nesi n'kulira mokweza, kulira kwa ukali, Eness n'kuliranso naye. Anachira. Anakula ndi phala la nsinjiro ndi kapenta, ndipo dzira loyamba anamdyetsa amake, a Winifred akuona.

Koma chimene chimandibwerera si kuchirako. Ndi pa tebulo la nesi wolandira odwala, Loweruka lija. Nesiyo anali wotopa, anthu ali pamzere mpaka kunja. Anadina phazi la Helen, anatsegula chikope, anatenga pepala n'kuyamba mafunso ake a masiku onse, osatukula mutu.

"Bana bangati?"

"Awiri," anatero Eness.

"Bonse balipo?"

"Mmodzi anamwalira."

"Anali na zaka zingati?"

"Chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri."

"Chinamupaya n'chani?"

Ndinayandikira msanga. Ndinafuna kunena za chitini, kuti ndine ndinabwera nacho, kuti mayiyu sanadziwe kanthu. Ndinangoyamba kuti "Sisitala, ineyo," Eness n'kutukula dzanja pakati pa ine ndi tebulo.

"Khalani chete inu. Munaulula kale zanu, zabodza. Izi ndi zanga."

Anatembenukira nesi uja, anakonza chitenje pachifuwa.

"Lembani kuti njala, sisitala. Anafa ndi njala mimba ili yodzaza. Ndinkamudyetsa ndine."

Nesi anatukula mutu koyamba, anatiyang'ana tonse awiri, kenako analemba.